Katundu wa Mayi Verlene

Ndinawanyamulira chikwama kuchokera pa Likhubula,
ine Namakhwa, amene msana wanga wadziwa katundu wa eni ake
zaka khumi ndi zinayi paphiri lino.
Chawocho sichinkalemera:
mankhwala a mawondo, mpango wofiira, kabotolo ka uchi,
ndi nsapato zazitali chidendene
zomwe sindinaone ntchito yake pa miyala ya Mulanje.

Mayi wachikulire, wakuda ngati azakhali anga a ku Chitakale,
koma Chichewa ayi ndithu.
Anati kwawo n'ku Amereka.
Anati ntchito yawo inali kufa.
Ndinaima chilili.
Anaseka mpaka kutsamira msuku.
"Opela, mwanawe, sewero loimba lokhalokha.
Ndafa kokwana mazana atatu anthu akuonerera:
ndi mpeni, ndi chifuwa chachikulu, ndi chiphe cha m'mphete,
kwina anandikwirira wamoyo.
Nsalu ikatsekedwa ndinkadzuka,
kusasa fumbi, n'kutola maluwa."

Pokwera, nkhani inkadza m'zidutswa
monga mpweya unkawalolera.
Mayi awo ankachapa zovala za azungu.
Iwo anayambira m'katchalitchi ka matabwa
ataima pa bokosi la sopo kuti aoneke.
Mphunzitsi wina wouma mtima ankawagoneka chagada,
mabuku anayi pamimba:
pumira apa, osati m'mapewa!
Chitaliyana anachimeza, Chijeremani chinawatsamwitsa kaye.
Mumzinda wina, usiku womwe anthu zikwi zitatu
anaimirira kuwaombera m'manja,
hotela inawalozera khomo la kukhitchini.
"Ndinadya nyemba ndi ophika
diresi la mfumukazi lili m'thupi."

Mwana analibe.
Mwamuna anatopa kudikira pa bwalo la ndege.
Kenaka kotupa pakhosi, kochepa ngati njere ya mapira;
dokotala anakachotsa bwinobwino,
mawu apamwamba n'kupita nako.
Zaka khumi ndi chimodzi osaimba,
ngakhale posamba.

Sindinayankhe. Kodi wonyamula katundu anganene chiyani?
Ndinangowagwira dzanja powoloka kamtsinje.

Tinafika pa Chambe chiperoni chikuzungulira.
Anapeza chitsa cha mkungudza wodulidwa kalekale,
anachikanda ndi chikhadabo, ananunkhiza,
anandiyang'ana.
"Chikadanunkhirabe."
Ndiye anati nditsitse chikwama.
Uchi supuni imodzi. Mpango m'khosi.
Nsapato zija anavala pomwepo pathanthwe,
miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wobadwa kumene,
dzanja limodzi paphewa langa.

Liwu loyamba linatuluka ngati chitseko cha dzimbiri.
Anatsokomola. Anatukwana m'chinenero chawo.
Lachiwiri
ndinalimva m'phewa langa lisanafike m'khutu,
lochokera pansi, kumene kunkakhala mabuku kuja,
lokandika, losakwera patali,
koma lotambalala ngati minda ya tiyi ukaiona uli pamwamba.
Mawu ake sindinamve ndi limodzi lomwe.
Ndinangokumbukira tsiku lomwe tinaika mng'ono wanga,
mvula ikugwera m'manda tisanakwirire.

Anyamata awiri otsika ndi matabwa pamutu anaima.
Sanatule. Anangoima, thukuta likutsika.

Atatseka pakamwa, khoma la Chambe linabweza nyimboyo,
mochedwa pang'ono, mofewa,
zokandika zonse litazisunga lokha.
Mayi Verlene anatchera khutu mpaka inatheratu.
"Ameneyo ndiye ndinali ine," anatero.
Palibe anaomba m'manja.
Mmodzi wa anyamata aja anati, "Zikomo, amayi,"
n'kupitiriza ulendo.

Potsika sanalankhule za opela.
Anafunsa mtengo wa chinanazi, ndi maina a ana anga.
Nsapato anandisiyira kuti ndikapatse mkazi wanga;
sizimukwana, zili pamwamba pa kabati.
Kalata sinabwere, ndipo sindikudziwa ngati ali moyo.
Koma pa chikweza chija chopweteka mawondo,
chikwama cha mlendo wina chikandifinya,
ndimagwetsa mapewa,
n'kupumira m'mimba.